Mtumbira wa pa Mbawa

Mukapitirira Songani pamsewu wochokera ku Zomba, musanafike pokhotera ku Domasi, panali kasiteji kotchedwa pa Mbawa. Panalibe zambiri: mtengo wa mbawa umene unapatsa malowo dzina, magolosale awiri, chigayo kumunsi kwa msewu, ndi kachisakasa ka udzu komwe Che Aufi ankakonzera njinga. Nyumba za anthu zinali kumtunda, koma madimba, chigayo ndi sukulu zinali kumunsi, choncho aliyense ankawoloka msewuwo kangapo patsiku. Pamalopo msewu unkatsika chitunda n'kukhota. Galimoto yochokera ku Zomba munkayamba kuimva musanaione.

Che Aufi anabadwira m'chigwa momwemo. Anaphunzira kumadrasa, ndipo kulemba Chichewa anadziwira kuukulu, movutikira. Ali mnyamata anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Anabwerako mu 1974 ndi bokosi la masipanala, jekete lakuda, ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka imfa yawo. Anakwatira a Lukiya, mkazi wamfupi, wachangu pa ntchito ndi pakamwa pomwe. Mwa ana awo asanu anakula awiri: Abida, amene anakwatiwa ku Ntaja, ndi mnyamata wina amene anakakhazikika ku Limbe.

Luso lawo linali kuwongola malimu. Ankatembenuza njinga chagada, kupukusa tayala, n'kumagogoda masipoko ndi chala mutu atapendeketsa ngati akumvera wodwala. Sankayankhula msanga. Munthu akawafunsa funso, ankayamba apukuta manja pa kansanza, kenako n'kuyankha.

Mnzawo wapamtima anali a Lazaro, Mkatolika, amene ankanyamula mpunga panjinga kuchokera kumadimba kukagulitsa kumsika wa Songani. Pobwerera masana aliwonse ankaima pachisakasa, kupopa matayala amene sankafunika kupopa, n'kukhala pansi kusewera bawo. Ankatchulana kuti achimwene. Mwezi wa Ramadani a Lazaro ankabisa chinangwa chawo chootcha m'thumba kuti asadyere pamaso pa mnzawo, ndipo Che Aufi ankanamizira kuti fungolo sakulimva.

Kale msewuwo unali wofatsa. Mabasi akuluakulu ankadutsa kangapo patsiku, ndipo anthu ankadziwa nthawi zake. Zinthu zitasintha m'dziko mu 1994, maminibasi anachuluka ngati ngumbi za mvula yoyamba. Anthu anasangalala, chifukwa ulendo wa ku Zomba umene unkadya tsiku lonse tsopano unkatha dzuwa lisanafike paliwombo. Koma maminibasiwo ankalimbirana okwera. Amene wafika pasiteji poyamba ndiye wadya, choncho ankatsika chitunda cha pa Mbawa ali liwiro lamtondo wadooka, kondakitala ali lendewera pakhomo.

A Lazaro anagundidwa mu Seputembala 1995, dzuwa litapendeka. Anali atangotsanzika, akukankha njinga m'mphepete mwa tala. Maminibasi awiri anatulukira pokhota paja ali phewa ndi phewa, ndipo ya kumanzere inatuluka mumsewu. Che Aufi anaona zonse. Atathamangira pomwepo anapeza mnzawo ali maso, akupuma mothamanga.

"Achimwene, ndichotseni pamsewu pano," anatero a Lazaro.

"Muli kale kumbali, achimwene. Musagwedezeke."

Anawakweza m'galimoto ya matola, Che Aufi atawagoneka mutu pamiyendo pawo. Anatsirizika asanafike pa Naisi.

Patatha milungu itatu, mkazi wa malemuwo, mayi Scholastica, anabwera kudzatenga njinga. Anali mphunzitsi wa pulayimale, mayi wamtali wosakonda kulira pagulu. Njingayo inali itapindika pakati ngati mpando. Anaiyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Ikonzeka, alamu?"

"Iyi ayi," anayankha Che Aufi. Anapukuta manja. "Alamu, ku Joni kuja magalimoto anali ochuluka kuposa kuno, koma ana ankapita kusukulu n'kubwera. Powolokera anthu ankajambula mizere yoyera. Pena ankamanga kamtumbira ka tala kopingasa msewu, amati hampu, n'kukapaka penti, n'kuika chikwangwani patali. Dalaivala afune asafune, ankachepetsa liwiro. Pano pakanakhala chimenecho, achimwene bwenzi ali moyo."

"Nanga amaika ndani?"

"Boma. Koma boma silidziwa kuti pa Mbawa pali anthu. Ine Chingerezi sindidziwa."

"Ine ndimachidziwa," anatero mayi Scholastica.

Kalata yoyamba analembera pa bolodi la bawo atalitembenuza. Ankapempha zinthu zitatu: mahampu awiri, mizere yowolokera, ndi malo oimapo maminibasi kunja kwa tala. Mayi Scholastica anabwereka kabokosi ka inki kusukulu. Iwo ankapita nako kutchalitchi Lamulungu, Che Aufi kumzikiti Lachisanu, ndipo anthu ankadinda zala pansi pa kalatayo. Nkhalamba zina zinkaopa, zikukumbukira masiku amene kudinda chala pa pepala lodandaula kunkasowetsa munthu. Che Aufi ankakhala nazo pakhonde mpaka zitamvetsa. Zala zinakwana mazana awiri ndi khumi ndi ziwiri.

Tsiku lopita ku Zomba, a Lukiya anasita jekete la ku Joni lija ndi ayironi yamakala. Che Aufi anavala kofia yoyera, anamanga kalata m'pepala lapulasitiki, n'kupalasa njinga. Minibasi anali atalumbira kuti sadzakweranso.

Ku ofesi yoyamba anawauza kuti nkhani za misewu n'za ofesi ina. Ku ofesi inayo anawakhazika pabenchi mpaka masana, kenako mlembi analandira kalatayo, kuidinda, n'kunena kuti abwere mwezi wamawa. Mwezi wamawa bwana anali kumsonkhano. Mwezi winawo kalata inali itasowa, ndipo mayi Scholastica analemba ina, zala n'kudindidwanso. Ulendo wachisanu anakumana ndi bwanayo, munthu wachinyamata waulemu amene anawapatsa mpando wa khushoni.

"Bambo, zimene mukunenazi n'zoona," anatero. "Malowo ndimawadziwa. Koma umenewu ndi msewu waukulu. Ine sindingaikepo ngakhale mwala umodzi popanda chilolezo cha kulikulu. Ndilemba."

"Mulemba liti, bwana?"

"Sabata ino."

"Ndiye ndiwauze chiyani anthu?"

"Auzeni kuti adekhe, ndiponso aziyang'ana uku ndi uku powoloka."

Che Aufi anathokoza. Ali panjira anaganiza za a Lazaro, amene sanali kuwoloka n'komwe.

M'zaka ziwiri anapita ku Zomba kasanu ndi kanayi. Pakati pa maulendowo msewu unatenga mbuzi zosawerengeka, unathyola mkono wa mayi wina wogulitsa tomato, ndipo unapha mkulu wina wogontha amene ankachokera kudimba. Anthu anayamba kuwatchula kuti Che Mahampu. Ena ankatero mwachikondi, ena monyoza. Makondakitala ankakuwa dzinalo podutsa.

A Lukiya nawo ankawaseka. "Bambo a Abida, jekete ili latha ndi mabenchi a boma. Kodi kumeneko amakupatsani tiyi?"

"Madzi omwe sapereka."

"Ndiye muzitenga mbatata." Ndipo ankawamangiradi mbatata yophika pa kaliyala, pamodzi ndi botolo la thobwa.

Mkulu wogontha uja atamwalira, achinyamata a m'mudzimo anabwera pachisakasa atakwiya. Ankafuna kuunjika dothi ndi miyala pamsewu okha. Che Aufi anawakaniza.

"Hampu yopanda penti ndi chikwangwani si hampu, ndi msampha," anatero. "M'maminibasi amenewo mumakhala anthu. Tiyeni tidikire yankho."

Anawamvera, chifukwa anali munthu amene mawu ake ankalemera.

Mu Juni 1997, Lachiwiri m'mawa, a Lukiya ananyamula beseni la chimanga kupita kuchigayo. Anayang'ana uku ndi uku monga ankachitira masiku onse. Lole inali itaima pasiteji, ndipo minibasi inaidutsa mosachepetsa liwiro. Che Aufi anali kuseri akusaka chubu chakale. Anangomva beseni likugubuduka pa tala.

A Lukiya sanafe. Madokotala ku Zomba anayesetsa masiku anayi, koma mwendo wamanzere unali utaphwanyika kwambiri, ndipo anaudula m'munsi mwa bondo. Abida anabwera kuchokera ku Ntaja kudzawadwazika. Nthawi yoona odwala itakwana, Che Aufi anakhala pambali pa bedi, kofia ili m'manja. Nkhope ya mkazi wawo inali itachepa.

"Bambo a Abida, mwendo wanga auika kuti?"

"Ndaupempha. Andipatsa mawa."

"Mukauike bwino. Kufupi ndi ana aja."

Tsiku lotsatira anaunyamula panjinga, utakulungidwa m'nsalu yoyera mkati mwa katoni. Anapita nawo kumanda ndi shehe ndi amuna ena atatu. Anakumba okha, osalola wina kugwira khasu, pafupi ndi timitumbira titatu ta ana awo. Atakwirira, shehe anapemphera mwachidule, anthu n'kubalalika.

Njira yochokera kumandako inkatulukira pamsewu. Che Aufi anaima pamenepo khasu lili paphewa. Pa tala panali padakali timbewu ta chimanga tophwanyika, ndipo nkhuku zinkatola. Minibasi inadutsa, mphepo yake n'kuwagwetsera kofia pansi. Sanaitole. Anatsikira m'ngalande ya m'mphepete mwa msewu, n'kuyamba kukumba dothi ndi kuliponya pa tala.

Sanaitane munthu. Mwini chigayo ndiye anayamba kubwera ndi wilibala. Kenako achinyamata aja, kenako amayi ndi mabeseni a miyala pamutu. Panalibe woimba kapena wolamula. Pofika nthawi yoweruka sukulu, mtumbira unali utapingasa msewu wonse, kutalika kwake kufika m'katumba.

Mayi Scholastica anawapeza akuupondaponda ndi mapazi. Anakokera Che Aufi pambali.

"Alamu, munanena nokha kuti chotere ndi msampha."

"Ndinanena."

"Nanga tsopano?"

"Mawa m'mamawa ndikagula laimu ku Songani, ndiupake. Ndilemba ndi chikwangwani chomwe. Lero tiika nthambi." Anawayang'ana m'maso. "Ndaika mwendo wa mkazi wanga m'manda, alamu. Mukufuna ndipitenso kukakhala pabenchi?"

Mayi Scholastica anathandiza kudula nthambi za mango, n'kuzindandalika pamsewu mbali zonse ziwiri, monga achitira pakakhala maliro.

Madzulo amenewo anthu a pa Mbawa anaona chimene anali asanaonepo. Maminibasi ankafika, kuchepetsa liwiro, n'kukwera mtumbirawo pang'onopang'ono ngati nkhalamba pa chulu. Madalaivala ankatukwana, anthu ankaseka. Mayi wina anawoloka n'kubwerera, n'kuwolokanso, popanda chimene ankakatenga. Che Aufi anakhala pa benchi lawo n'kumayang'ana. Mtima unkawawabe, koma kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anamva ngati achitapo kanthu.

Kutacha kunagwa chiperoni. Nkhungu inatsika kuchokera kuphiri n'kudzaza chigwa chonse, kamvula kakuwaza. Atapemphera swala ya m'mamawa, Che Aufi anapalasa kupita ku Songani. Potuluka anaona kuti malole odutsa anali atamwaza nthambi zija, zina zili m'ngalande. Anaganiza zoima kuti azibwezere, koma anati achite changu, akonza zonse pamodzi akabwera. Sitolo ya laimu anaipeza yotseka. Anadikira pakhonde pafupifupi ola lathunthu.

Pobwerera, thumba la laimu lili pa kaliyala, anayamba kumva kulira asanaone kanthu. Minibasi yoyera inali itagona chammbali kumunsi kwa msewu, tayala limodzi litathothoka. Dalaivala wake sankadziwa za mtumbirawo. Anali atagona ku Zomba, ndipo anauona ali pomwepo. Anthu ankatulutsa ovulala kudzera m'mawindo. Pansi pa mtengo wa mbawa panagona munthu mmodzi atafunditsidwa chitenje mpaka kumutu. Mapazi ake anali kunja, ndipo limodzi linali ndi silipasi yobiriwira.

Apolisi atafika anafunsa kuti anamanga ndani. Anthu anayang'ana pansi. Mwini chigayo anati iye anangodzuka n'kuupeza. Che Aufi anatsamiritsa njinga pamtengo.

"Ndine, bwana. Ndinayamba ndine."

"Nokha, madala?"

"Lembani dzina langa."

Asanawakweze m'galimoto anaona gulu la antchito amisewu likufika ndi mafosholo. Pasanathe ola limodzi mtumbira unali utachoka, tala ali mbee.

Anakhala m'chitokosi masiku asanu. Nkhani itafika kukhoti, woweruza anaona msinkhu wawo, anamva za mkazi wawo, anamvanso kuti minibasiyo inathamanga ndiponso inanyamula mopyola muyeso. Anawapeza olakwa koma sanawatumize kundende. Anati akapalamulanso m'zaka ziwiri adzalowa. Anthu anati achita mwayi. Iwo sanaone mwayi uliwonse. Kupolisi komweko ndi kumene anamva dzina la womwalirayo. Anali Sumaiya, mayi wa ana awiri, wa kumudzi wina kufupi ndi Liwonde. Ankachokera koona mchemwali wake amene anali atangobereka.

A Lukiya anatuluka m'chipatala kumayambiriro kwa Julaye ndi ndodo ziwiri. Nkhani yonse anali ataimva kale, chifukwa ena mwa ovulala anagonekedwa m'wodi yawo yomweyo. Kwa milungu iwiri sanaitchule. Che Aufi ankawatungira madzi, kuwathandiza kusamba, kuwamanga bandeji. Chisakasa sanatsegule. Ankadya pang'ono, ndipo akakhala pansi ankangoyang'ana manja awo.

Tsiku lina masana, ali pakhonde, a Lukiya anati, "Masiku makumi anayi a mwana uja Sumaiya akwana liti?"

"Loweruka likubwerali."

"Mupite."

"Ndikanena chiyani kumeneko?"

"Zimene zinachitika. Munachita chifukwa cha ine, ndikudziwa. Koma ine ndili pano ndikudya, iye kulibe. Simungakhale chonchi mpaka kale. Mupite, akakutukwanani akutukwaneni."

Anapita panjinga, ulendo wa maola anayi, akufunsa njira. Anafika sadaka ili mkati: amuna atakhala pamikeka pansi pa mtengo wa bwemba, mashehe akuwerenga, amayi akuphika kuseri. Anakhala kumapeto ngati mlendo wodutsa. Mapemphero atatha anafunsa mkulu wina kuti mwamuna wa malemu ndi uti. Anawalozera munthu wowonda wa zaka ngati makumi atatu, telala, dzina lake Alaudin.

Anapempha kuyankhula naye pambali. Anaima kuseri kwa nkhokwe. Che Aufi anavula kofia.

"Bambo, ine ndine Aufi, wa pa Mbawa ku Domasi. Dothi limene linagwetsa galimoto ija ndinaunjika ndine."

Alaudin anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu inuyo."

"Ndine."

"Ndinkaganiza kuti ndi munthu wina wake. Wamphamvu, wamwano. Ndakhala ndikumuona m'mutu mwanga masiku onsewa. Mwabwera kudzatani?"

"Kudzanena pamaso panu. Ndinkadziwa kuti n'choopsa. Ndinakaniza ena, kenako ndinachita ndekha. M'mawa umenewo ndinaona nthambi zitachoka, koma sindinaime."

Mawu omalizawa anali asanauzepo munthu aliyense, ngakhale woweruza.

Alaudin anatembenuka n'kugwira nsichi ya nkhokwe. Kubwalo kunkamveka mbale zikugawidwa.

"Ndinamva kuti mayi akunyumba anawadula mwendo," anatero asanatembenuke. "Ali bwanji?"

"Bala likupola."

"Wamng'ono wathu amafunsabe kuti amayi abwera pa minibasi yanji. Amakakhala kumsewu." Anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya. "Sindingakuuzeni kuti ndakukhululukirani, bambo. Ndinganame pa tsiku la sadaka yake. Mwina Mulungu adzandipatsa mtima umenewo, mwina ayi. Koma mwayenda ulendo wautali. Khalani mudye. Musauze wina aliyense kuti ndinu ndani, alongo ake a malemu alipo."

Anawabwezera pamkeka. Mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi inaikidwa pakati pa amuna anayi, ndipo Che Aufi anatapa kawiri kuti asaoneke achilendo. Anatsanzika dzuwa likadali pamwamba, ndipo mbali yaikulu ya njira anangokankha njinga.

Chisakasa cha kumsewu anachiphwasula. Anasamutsira masipanala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, kumene msewu sunkaoneka ngakhale unkamveka. Makasitomala odutsa anatha. Anatsala a m'mudzi okha. Pa kaliyala wa njinga yawo anamangapo kampando ka thabwa kokhala ndi chotsamira, ndipo akafuna kupita ndi a Lukiya kuchipatala kukaonetsa bala kapena kumaliro, ankawakweza n'kumakankha wapansi. Pofika pamsewu ankaima nthawi yaitali, mpaka a Lukiya ankati, "Bambo a Abida, tigona pano?"

Chaka chotsatira antchito amisewu anabwera n'kuzika zikwangwani ziwiri zochenjeza madalaivala kuti pali anthu owoloka. Mahampu sanamange. Kwa milungu ingapo magalimoto ankachepetsako liwiro, kenako anazolowera. Mayi Scholastica anabwera ndi kalata yatsopano ndi kabokosi ka inki kaja.

"Zikwangwanizi zikusonyeza kuti makalata athu amawerengedwa, alamu. Tisasiye. Chala choyamba chikhale chanu."

Che Aufi anapukuta manja, koma sanatambasule.

"Dzina langa lidetsa kalatayo. Akaliona adzati ndi aja anapha munthu."

"Munapempha zaka ziwiri musanagwire khasu. Zimenezonso n'zoona."

"N'zoona. Koma kwa ana aja a ku Liwonde sizithandiza kanthu. Pitani nayo inuyo. Njira ndikuuzani: musayambire khomo lakumaso, mlembi wake amataya mapepala. Mukalowere kumbali, ndipo mupite Lachiwiri, bwana amakhalapo."

Kuyambira pamenepo mayi Scholastica ndiwo ankapita ku Zomba, masiku a tchuthi cha sukulu. Pobwerera ankadzera kwa Che Aufi kudzawafotokozera, ndipo iwo ankamvetsera mwachidwi, kufunsa kuti anakumana ndi ndani, anati chiyani. Koma pamsonkhano uliwonse wa za msewu sanapitenso.

Anali ndi kadimba ka mpunga kumunsi, kamene a Lukiya ankalima kale. Tsopano ankalima okha, akutsokomola m'matope. Atakolola mu 1998 anapuntha thumba limodzi, kulipeta bwino, n'kulitumiza kwa Alaudin kudzera mwa mkamwini wawo, mwamuna wa Abida, amene ankadutsa ku Liwonde popita ku Ntaja. Patatha sabata thumbalo linabwera losamasula. Che Aufi analiika pakona. Iwo sanadyeko, a Lukiya anagawira anansi.

Mu 1999 chifuwa chinakula. Anakolola mothandizidwa ndi anthu a kumzikiti, ndipo kupeta anapeta a Lukiya atakhala pamphasa, mwendo wotsalawo atautambasula. Thumba linapitanso ndi mkamwini. Nthawi imeneyi n'kuti Che Aufi sakutulukanso m'nyumba. Ankagona pafupi ndi khomo kuti azipuma bwino, ndipo Abida anabwera kudzathandiza mayi ake.

Lachitatu lina masana anatsegula maso n'kufunsa, "Mayi a Abida, mpunga uja anabweza?"

"Sanabweze."

"Papita masiku angati?"

"Milungu itatu."

"Anati chiyani polandira?"

A Lukiya anayang'ana Abida. Abida anati, "Iwo kunalibe, ababa. Analandira ndi mayi ena achikulire. Anangoti ikani apo."

"Anadziwa kumene wachokera?"

"Anawauza."

Che Aufi anati, "Mwina anabwera n'kuupeza ana atayamba kale kudya." Anafuna kunenanso zina, koma chifuwa chinawagwira, ndipo a Lukiya anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa pawo mpaka chitatsika.

Anamwalira Lamulungu la sabata yomweyo, anthu akutuluka m'tchalitchi. Anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Mayi Scholastica anakhala ndi amayi m'nyumba, atagwira dzanja la a Lukiya, ndipo aka kanali koyamba anthu kuona mphunzitsiyo akulira mokweza.

A Lukiya anakana kusamukira ku Ntaja. Anati madimba awo ali konkuno, ana awo ali konkuno. Masipanala anapatsa mdzukulu wa mlongo wawo amene anali atatsegula pokonzera njinga ku Songani. Chaka chimenecho mvula inayamba msanga, ndipo iwo anadzala chimanga kuseri kwa nyumba, akukwawa ndi bondo limodzi m'mizere, ndodo atazisiya kumutu kwa munda.